Jazi ya pa Chinsalu ndi Jazi ya Kuseri kwa Michiru

Ku Chilomoni filimu imayamba kulowa m'makutu, maso amatsatira pambuyo. Amene anayendapo pa Nthukwa madzulo, m'zaka zija mavidiyo sho ali pachimake, akudziwa chimene ndikunena. Woonetsa kanema ankaika TV m'kati mwa chisakasa chake, koma sipika yaikulu ankaipachika panja, pansi pa malata, kuti mfuti, zibakera ndi nyimbo ziziitana odutsa. Ana opanda ndalama yolowera ankaunjikana pansi pa sipikayo n'kumatsatira nkhani yonse osaona kanthu. Ng'oma zikayamba kuthamanga ankadziwa kuti mwini filimu wazingidwa. Zikaleka mwadzidzidzi, wina wagwa. Kukamveka kanyimbo kozizira ankanyinyirika, poti apo ndiye kuti mwamuna ndi mkazi ayamba zokambirana zawo zosatha ndipo ndewu ichedwa.

Masipika ambiri a m'zisakasa zimenezo anadutsa m'manja mwanga. Ntchito yanga kwa zaka zambiri inali yokonza mawailesi ndi maampulifaya pakhonde la sitolo ina pamsika pomwepo, ndipo kawirikawiri ndinkalandira sipika yopsa koyilo chifukwa choikweza mopyola muyeso. Ntchitoyo inandisiyira khalidwe limene akunyumba amadandaula nalo mpaka lero: filimu ndimaiweruza ndi mamvekedwe ake. Zithunzi zikongole chotani, nyimbo ikakhala yongomatapo, ine ndimanyamuka kukathirira mpiru kuseri.

Podziwa zimenezi, mwana wa mlongo wanga, amene nthawi imeneyo ankaphunzira za makompyuta pa sukulu ya John Paul II konkuno ku Chilomoni, anandibweretsera filimu yakalekale imene anaipeza pa intaneti.

"Amalume, iyi si ya ife ana ayi," anatero. "Ndewu mulibe, zithunzi zake n'zakuda ndi zoyera, anthu ake ndi atatu basi. Koma lipenga lake ndi la mbale zanu zija."

Ankanena sakisofoni. Filimuyo inali Knife in the Water ya mu 1962, filimu yaitali yoyamba ya Roman Polanski, yochokera ku Poland, dziko limene ambiri kuno timalidziwa chifukwa cha munthu mmodzi yekha, Papa amene dzina lake lili pa sukuluyo, yemwe anadzacheza ku Malawi mu Meyi 1989. Nkhani yake ndi yaifupi. Bambo wina wopeza bwino ndi mkazi wake akupita kunyanja pa galimoto, atenga mnyamata amene anawaimitsa pamsewu, ndipo pomaliza amuitana kuti akwere nawo bwato lawo la matanga. Akhala pamadzi usana ndi usiku. Amuna awiriwo akupimana mphamvu mosalankhula, mnyamatayo ali ndi mpeni wake, mkaziyo akuona zonse. Nyimbo siilira nthawi zonse. Pali mphindi zambiri zimene umangomva madzi, zingwe ndi mphepo, kenako bwato likayamba kuyenda bwino sakisofoni imalowa mosafulumira, piyano, besi ndi ng'oma zili pambuyo pake. Imagwira ntchito ya nkhoswe: zimene anthu atatuwo akulephera kuuzana pamaso, ndi iyo imazinena.

Amene anapeka nyimbozo ndi Krzysztof Komeda, ndipo wa sakisofoniyo ndi mnyamata wa ku Sweden, Bernt Rosengren. Komeda anabadwa mu 1931 ku Poznań, dzina lake lenileni ndi Trzciński, ndipo anaphunzira udokotala wa makutu, mphuno ndi mmero. Ine amene ndinkadyera makutu a anthu, zimenezo zinandisangalatsa. Dzina lakuti Komeda analitenga kuti anzake a kuchipatala asadziwe kuti dokotala wawo usiku amakhala pa piyano akuimba zinthu zimene akuluakulu sankazifuna.

Poland itatuluka m'nkhondo yachiwiri ya dziko lonse inagwera m'manja mwa Soviet Union, ndipo kuyambira mu 1949 a chipani cha chikomyunizimu anakhwimitsa lamulo lakuti luso lililonse lizitamanda antchito ndi boma. Jazi kwa iwo inali chivundi chochokera ku America. Achinyamata ankaiimbira m'nyumba za anzawo ndi m'zipinda za pansi, zitseko zitatsekedwa. Stalin atamwalira mu 1953 chingwe chinayamba kumasuka pang'onopang'ono. Mu 1955 wailesi ya Voice of America inayamba pulogalamu ya jazi ya Willis Conover, ndipo anyamata a ku Warsaw ndi ku Kraków ankaisaka usiku pa shotiwevu, phokoso la mlengalenga likuwalanda theka la nyimbo. Mu 1956 boma linalola chikondwerero cha jazi ku Sopot, m'mbali mwa nyanja ya Baltic, ndipo gulu la Komeda la anthu 6 linatchukira kumeneko.

Ku Łódź kunali sukulu yophunzitsa kupanga mafilimu imene inatsegulidwa mu 1948, ndipo gulu la jazi la Melomani linkaimba pakati pa ophunzira ake. Oimba ndi ojambula anakulira pamodzi, akumwa pamodzi, akuopa apolisi amodzimodzi. Choncho Polanski akali pasukulu, mu 1958, atajambula kafilimu kake kakafupi ka amuna awiri otuluka m'nyanja atanyamula wadiropu, nyimbo anakapempha kwa Komeda. Mu 1959 Jerzy Kawalerowicz anatulutsa Night Train, imene pafupifupi yonse ikuchitikira m'sitima yapamtunda yoyenda usiku; Andrzej Trzaskowski anakonza nyimbo yake kuchokera pa nyimbo ina ya Artie Shaw, ndipo mayi wotchedwa Wanda Warska amaiimba ndi mawu opanda chiganizo ngakhale chimodzi. Mu 1960 Andrzej Wajda anapanga Innocent Sorcerers, nkhani ya dokotala wachinyamata amene usiku amaimba ng'oma za jazi, ndipo Komeda yemweyo ndi Polanski akuoneka m'gulu loimbalo.

N'chifukwa chiyani anasankha jazi? Ine ndikuona zifukwa ziwiri. Choyamba n'chakuti anali atatopa ndi mafilimu a nkhondo ndi ngwazi zake, a malipenga ambirimbiri ouza munthu pamene ayenera kulira. Chachiwiri n'chakuti mkulu wounika mafilimu amatha kufufuta chiganizo pa pepala, koma sakisofoni alibe poigwira. Wamva kuti ikudandaula, koma ikudandaula chiyani? Ngakhale zinali choncho, mtsogoleri wa chipani, Władysław Gomułka, anaidzudzula Knife in the Water poyera, pamene ku America inalowa m'gulu la mafilimu akunja opikisana pa mphotho ya Oscar. Polanski anachoka m'dzikomo. Komeda anajambula chimbale chake chotchuka cha Astigmatic mu 1965, namutsatira mnzakeyo ku Hollywood kumene anapeka nyimbo za Rosemary's Baby mu 1968. Anavulala m'mutu ku Los Angeles, namwalira ku Warsaw mu Epulo 1969 ali ndi zaka 37.

Kumeneko jazi inakwera kuchoka m'zipinda za pansi n'kukafika pa chinsalu. Kwathu kuno inayenda chobwerera. Inatsika pa chinsalu n'kulowa mumsewu, ndipo kubwerera kwake pa chinsalupo n'kumene kwatitengera zaka zambirimbiri.

Kanema woyamba wokonzedwera anthu akuda a m'chigawo chino anabwera ndi phokoso lake padera. Pakati pa 1935 ndi 1937 amishoni ndi boma la Britain anayendetsa ntchito yotchedwa Bantu Educational Kinema Experiment, imene inajambula mafilimu ku Tanganyika n'kumawayendetsa pa lole mpaka kuno ku Nyasaland. Zithunzi zinali pa filimu, mawu anali pa mbale za galamafoni, ndipo zinkayenera kuyambira pamodzi kuti zigwirizane. Mu 1948 ku Salisbury kunakhazikitsidwa Central African Film Unit yotumikira maiko awiri a Rhodesia ndi Nyasaland. Mafilimu ake oyambirira anali opanda mawu. Galimoto inkafika pabwalo, amange chinsalu, alize jenereta, ndipo womasulira aime pambali ndi chimkuzamawu kumafotokoza zimene zikuchitika: sungani ndalama ku positi, kumbani chimbudzi, limani mizere yopingasa. Bambo anga ankanena kuti anthu ankapirira zonsezo podikira filimu ya ma cowboy ya kumapeto, ndipo womasulira wochenjera ankathiramo nthabwala zake zimene mzungu wa galimotoyo sankazimva.

Koma bambo angawo kanema weniweni anakamuonera ku Joni. Anapita pa Wenela m'zaka za m'ma 1950, monga anachitira amuna ambiri a msinkhu wawo, ndipo malo amene ankalemberapo anthu aja ndiwo anasiyira dzina depoti ya mabasi imene tonse timaidziwa mu Blantyre. Anabwerako ndi jekete, njinga ndi galamafoni yopukusa. Galamafoniyo ndinaipeza ikadali moyo. Inali m'bokosi lakuda lokhala ndi chogwirira, masingano ake ali m'kachitini kakang'ono, ndipo lamulo linali lakuti singano ikaimba mbale zingapo itayidwe, ngakhale kuti ife tinkainola pamwala n'kuibwezera. Mbale zake zinali zolemera, zosachedwa kusweka, nyimbo imodzi mbali iyi, ina mbali inayo. Sipuling'i ikayamba kutha mphamvu pakati pa nyimbo, chitoliro chinkatsika mawu mpaka wina athamangire kukapukusa. Zambiri mwa mbalezo zinali za Spokes Mashiyane.

Nyimbo ya zitoliro imeneyo, ya kwela, mayi wake ndi kanema. M'maholo a ku Johannesburg m'zaka za m'ma 1940 ankaonetsa mafilimu a ku America okhala ndi magulu akuluakulu a jazi, monga Stormy Weather ya mu 1943, mmene muli Lena Horne ndi Cab Calloway. Anyamata a ku Alexandra ndi ku Sophiatown ankatuluka m'holo makutu atadzaza masakisofoni ndi makilaneti, koma m'thumba muli makobidi okwana kachitoliro kachitsulo kokha. Anayamba kukakamiza kachitoliroko kuti kalankhule chilankhulo cha sakisofoni. Mu 1951 filimu ya The Magic Garden, imene Donald Swanson anaijambula ku Alexandra, inaonetsa Willard Cele akuliza chitoliro chotero, ndipo itatha kuonetsedwa ana ambirimbiri anagula zitoliro. Mashiyane anayamba kujambula mbale mu 1954. Mu 1958 nyimbo ya Tom Hark, ya Elias and His Zig-Zag Jive Flutes, inakwera mpaka pa nambala 2 ku Britain itagwiritsidwa ntchito pa sewero la pa TV. Ndipo mu 1959 Lionel Rogosin wa ku America anatulutsa Come Back, Africa, imene anaijambula ponamiza boma la tsankho kuti akupanga filimu ya nyimbo chabe. Muli ana a zitoliro mumsewu, muli Miriam Makeba akuimba m'shabini. Kumenekonso nyimbo inabisa zimene boma silikanalola.

Matchona ndiwo ananyamula zonsezi kubwera nazo kuno, koma wailesi inathandizanso. Mu 1949 kampani ya Ever Ready inatulutsa wailesi ya batire yotchedwa Saucepan Special, yozungulira, ya mtengo wa mapaundi 5, yokonzedwera anthu a ku Northern Rhodesia ndi Nyasaland kuti azimvera siteshoni ya ku Lusaka, imene inkaulutsanso m'Chinyanja. Ndili wophunzira ntchito ndinatsegulapo imodzi imene agogo ena anakana kuitaya. Inali itafa kalekale, mphemvu zitamangamo mudzi, koma ankafuna kuti ndingoiona.

Tsopano tiwoloke phiri. Mukaima pa Chilomoni n'kuyang'ana Michiru, kuseri kwake ndi ku Chileka, ndipo kumeneko kuli mudzi wa Singano. Banja la a James Kachamba linakhala zaka zingapo ku Salisbury, kumene ana awo anamva kwela ili pamoto, ndipo linabwerera kumudzi kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1960. Daniel, wobadwa mu 1947, ankaimba gitala. Mng'ono wake Donald anagwira chitoliro akali kamwana. Mu 1967 anyamatawa akuimba mumsewu mu Blantyre anakumana ndi mzungu wa ku Vienna, Gerhard Kubik, wofufuza za nyimbo za mu Africa. Chimene chimandikoka pa nkhaniyi n'chakuti Kubik, wobadwa mu 1934, ndi wa msinkhu umodzi ndi Komeda, ndipo nayenso anakulira pa jazi ya ku Ulaya wa pambuyo pa nkhondo, akuliza kilaneti m'gulu lake ku Vienna. Sanafunike womuuza chimene ankamva. Anawatsatira mpaka ku Singano, anawajambula mawu ndi kanema chaka chomwecho, nalemba buku lonena za gulu lawo. Mu 1972 abale awiriwa anakaimba ku Ulaya, ndipo pambuyo pake Kubik yemweyo analowa m'gulu la Donald, naliza kilaneti m'menemo zaka zambiri.

Amene sanaonepo kalizidwe ka chitoliro cha kwela amaganiza kuti n'kungouzira. Woimba amachilowetsa m'kamwa mozama, n'kuchipendeketsa cha kutsaya, kotero kuti milomo imaphimba pang'ono kabowo kotulukira mpweya. Mawu amatsika, amanenepa, ndipo amatha kuwapinda ndi kuwakoka mmene wa sakisofoni amachitira. Pansi pake pamakhala gitala yosunga mayendedwe ndi besi ya chingwe chimodzi, ya bokosi ndi ndodo, imene woimba amaikoka kapena kuimasula kuti mawu akwere kapena atsike. Anyamata a kuno kwathu, a ku Sigerege ndi kwina, ankapanga zawo: gitala ya chigubu cha mafuta, mawaya a buleki ya njinga, ng'oma ya chikopa cha mbuzi yopondera ndi phazi, ndi zitsekerero za mabotolo zotungidwa pa waya. Ena ankabwera pakhonde langa kudzapempha zidutswa za waya ndi timisomali, ndipo malipiro ake inali nyimbo imodzi.

Magulu otere anadzaza chigawo cha kummwera, ndipo ambiri ankadzitcha a jazi mosapempha chilolezo kwa wina aliyense. Kunali a Alan Namoko ndi Chimvu Jazz ku Thyolo, a Robert Fumulani ndi gulu lawo la Likhubula River ku Chileka komweko, ndipo pambuyo pake Kasambwe Brothers ku Ndirande. M'mahotela a m'tauni munali ovala masuti, monga Jazz Giants ya a Morson Phuka, kenako MBC Band. Wailesi ya MBC, imene inayamba mu 1964, inajambula ambiri a iwo pa matepi ake ku Chichiri. Kunena zoona, oimba tinali nawo okwana kudzaza mafilimu ochuluka. Chimene tinalibe ndi filimu yoti aimbiremo.

Apa ndi pamene ndimasiyanitsa maulamuliro awiri ankhanza, wa chikomyunizimu ku Poland ndi wa Kamuzu kwathu kuno. Boma la ku Poland linkaunika ndi kudula mafilimu, inde, koma linalinso ndi sukulu ya mafilimu, ndipo kuyambira mu 1955 linakhazikitsa timagulu ta opanga mafilimu, monga Kadr ndi Kamera, tolandira ndalama za boma koma totsogozedwa ndi akatswiri eni ake. Munthu wochenjera anali ndi pobisa mawu ake. Boma la Kamuzu linatenga lumo lokha. Lamulo lounika mabuku, nyimbo ndi mafilimu linakhazikitsidwa mu 1968, ndipo makamera a boma ankatsata Ngwazi poyendera mbewu m'minda ndi pa misonkhano ya chipani, nyimbo zake zili za amayi a mbumba. TV kunalibe mpaka mu 1999. Za mafilimu a ku Poland ndiye musanene, poti Kamuzu ndi maiko a chikomyunizimu sankamwerana madzi. Mnyamata wa ku Chilomoni amene akanafuna kujambula nkhani ya anthu atatu m'bwato pa nyanja ya Malawi, n'kuitana a Kachamba kuti aimbe, akanayambira pati?

M'tauni munali maholo a kanema, monga Apollo, ndipo ife tikalandira kangachepe tinkatsetsereka wapansi kukaonera Bruce Lee kapena filimu yachimwenye. Lumo lija tinkalimva ndi makutu. Mwamuna ndi mkazi akayandikizana nkhope, nyimbo ikukwera bwinobwino, mwadzidzidzi inkadumpha n'kupezeka ili kutsogolo, awiriwo ali kale pa khomo akutsanzikana. Holo yonse inkaimba mluzu. Wodula uja ankasamala za maso athu, koma za nyimbo analibe nazo ntchito, ndipo inali nyimboyo imene inkamuulula.

Kanema wathu weniweni m'zaka zimenezo anali wopanda zithunzi. Kapalepale ndi Sewero la Sabata Ino pa MBC ndiwo ankasonkhanitsa mabanja, ndipo tsiku la sewero makasitomala ankaima pakhonde langa osachoka mpaka wailesi yawo ilankhule. Chitseko, mapazi, galu wouwa patali, kanyimbo kosonyeza kuti kwacha: anthu anazolowera kumanga chithunzi m'mutu kuchokera ku phokoso. Mwina n'chifukwa chake ana a pansi pa sipika aja sankaona chachilendo.

Mavidiyo atafika chakumapeto kwa zaka za m'ma 1980, Daniel Kachamba anali atatsala pang'ono kutisiya. Anamwalira mu 1987. Zisakasa zinadzaza ndi Rambo, Chuck Norris ndi Van Damme, ndipo achinyamata anatembenukira ku rege ndi kiyibodi. Mudzi wa Singano womwewo unatulutsa Evison Matafale ndi Black Missionaries, ana a a Fumulani ali momwemo. Donald anapitiriza kwela, anakaphunzitsa ku yunivesite ya UCLA ku America mu 1999, namwalira mu Januwale 2001, chaka chomwe Matafale anamwaliranso. Donald yemweyo kunja ankamudziwa kuposa mmene ife oyandikana naye tinkamudziwira. Amene akufuna kuona zala za Daniel pa gitala angazipeze pa kanema wa African Guitar, amene anatuluka ku America mu 1995 kuchokera pa zimene Kubik anajambula m'maiko angapo. Koma ameneyo ndi kanema wa ofufuza. Kamera yaima pa woimba, ndipo palibe nkhani imene nyimboyo ikunyamula.

Kenako kunabwera mafilimu a ku Nigeria, ndipo ndi amene anaphunzitsa opanga mafilimu athu oyamba kaikidwe ka nyimbo. Ndinena mosabisa kuti anawaphunzitsa molakwika. Kiyibodi imodzi imalira kuyambira poyamba mpaka pomaliza, ndipo woimba amafotokoza nkhani yonse isanachitike, kuti mayi uyu ndi mfiti ndipo mwana uyu adzavutika. Ukamva nyimboyo, filimu waitha. Pamwamba pa izo panabwera anyamata omasulira mafilimu m'Chichewa. Amenewa ndimawalemekeza, chifukwa ndi zidzukulu za womasulira wa pa galimoto ya atsamunda uja, ndipo nthabwala zawo n'zakupsa kuposa zake. Koma kuti mawu awo amveke amatsitsa phokoso lonse la filimu, ndiye nyimbo imangotulukira m'mipata pamene womasulira akumeza malovu.

Zinthu zinayamba kusintha ndi a Shemu Joyah, munthu amene ntchito yake yeniyeni ndi yoyeza malo. Anatulutsa Seasons of a Life mu 2008, kenako The Last Fishing Boat mu 2012, nkhani ya msodzi wa ku Mangochi amene nsomba zikumuthera pamene alendo oona malo akumulowera m'banja. Nayonso ndi nkhani ya nyanja, bwato, ndi amuna olimbirana ulemu pamaso pa mkazi. Mu 2013 filimuyi inapata mphotho pa Africa Movie Academy Awards, ndipo mphothoyo inali ya nyimbo zake. Ambiri anangomva kuti Malawi wawina, osafunsa kuti wawina pa chiyani. Ine ndinasangalala kuposa pamene timu yanga yagoletsa, chifukwa kanali koyamba kumva anthu akunja akuyamikira filimu yathu chifukwa cha chimene chimalowa m'khutu. Si jazi ya Komeda, ndipo sinkayenera kukhala yotero. Koma ndi nyimbo imene inaganiziridwa pamodzi ndi zithunzi, yodziwa polowa ndi pokhala chete. Mu 2017 a Joyah anabwera ndi The Road to Sunrise, ya amayi oyendayenda a m'makwalala a Blantyre yemweyu.

Oimba jazi amakono sitinasowe. Malemu Wambali Mkandawire, amene anatisiya mu 2021, anasakaniza jazi ndi maimbidwe a Chitumbuka mpaka kutchuka ku South Africa. Erik Paliani anafika pokonza chimbale cha Hugh Masekela chotchedwa Phola. Komabe pamene Chiwetel Ejiofor anajambula The Boy Who Harnessed the Wind ku Kasungu, filimu ya mu 2019 imene dziko lonse linaonera, wopeka nyimbo zake anali Antônio Pinto wa ku Brazil. Sindikumunyoza, ntchito anaigwira. Ndikungoti filimu yaikulu kwambiri yonena za ife inapita kukatenga makutu kutsidya la nyanja.

Chimene opanga mafilimu a ku Poland aja anatulukira n'chotsika mtengo kuposa mmene anthu amaganizira: oimba anayi, chipinda chimodzi, ndi wojambula amene wakhala nawo pansi n'kuwaonetsa zithunzi asanayambe kuimba. Ku Singano gulu la kwela limene Donald anasiya linapitirira m'manja mwa achibale ndi ophunzira ake, ndipo a Moya Malamusi anasonkhanitsa kumeneko zoimbira ndi matepi ambiri. Babatoni, besi ya chingwe chimodzi ija, wabwereranso m'fasho, Madalitso Band ya ku Lilongwe yazungulira naye ku Ulaya. Kuchoka pa Chilomoni kukafika ku Chileka si ulendo wofuna pasipoti.

Masiku ano achinyamata a kuno akujambula mafilimu pa foni. Ndimawaona pa Nthukwa, m'njira zokwera ku Michiru, ngakhale pa Njira ya Mtanda, wina atanyamula maikolofoni pa ndodo ya mopu. Ena amabwera kunyumba kudzandifunsa mochotsera mphepo m'mawu, ndipo ndimawauza kuti avundikire maikolofoniyo ndi sokosi yaubweya. Za nyimbo safunsa. Amati akaika nyimbo ya woimba wodziwika, YouTube ndi Facebook zimaitseka pakamwa filimu yonse, ndipo woimba wamoyo amafuna ndalama ya minibasi ndi chakudya. Gulu lina linandionetsa ntchito yawo itatha, nkhani yabwino ndithu ya mtsikana wogulitsa mandasi amene bambo ake abwera kuchokera ku Joni patatha zaka zambiri ali chimanjamanja. Pamene bamboyo akutsika minibasi anaikapo piyano yaulere ya mu pulogalamu yawo yolumikizira zithunzi. Piyano yomweyo ndinadzaimvanso pa wailesi, ikutsatsa sopo wochapira.